Seva yathu sinalandire update chiyambire 2019, ndiyambire pati osaipha?

Kamnyamata_ka_IT analemba:

Akuluakulu moni. Ndakhala ndikungowerenga zanu muno osalankhula, koma lero ndapanikizika, ndipo paja safunsa anadya phula.

Ndinayamba ntchito mu February pa bungwe lina la alimi kuno ku Kasungu, dzina ndisatchule. Antchito tilipo 26, makompyuta 19. Wa IT ndine ndekha, ndiye kuti photocopier ikatafuna pepala ndine, abwana akaiwala pasiwedi ya foni yawo ndinenso. Amene analipo ine ndisanabwere anapita ku Joni. Anandisiyira kope la chikuto chofiira lodzaza mapasiwedi, ndi seva imodzi m'kachipinda kamene kale ankasungiramo feteleza. Fungo lake silinathe mpaka lero.

Sevayo ili pa Windows Server 2012 R2 ndipo yasenza zonse. Domain controller, ija yosunga maakaunti ndi mapasiwedi a antchito onse, ndi yomweyo, mafayilo a aliyense ali momwemo, mapulinta atatu amadzera momwemo, pulogalamu ya ndalama ndi ngongole za alimi ilinso momwemo. Lachitatu lapitali ndinalemba Get-HotFix mu PowerShell kuti ndione kuti update yomaliza inalowa liti. November 2019. Ndinatikita m'maso n'kulembanso. November 2019 yomweyo. Windows Update anachita kuizimitsa, ndipo pambali pa seva pali kapepala komata ndi selotepu, zilembo zikuluzikulu za bolopeni: OSAPANGA UPDATE.

Ndinaimbira amene anatigulitsa pulogalamu ya ndalama ija. Sanabise, anati lamulolo linachokera kwa iwo. Akuti ma update amasokoneza database yawo, ndipo ndikachita makani zinthu n'kuwonongeka, ndisadzawaimbire. Iwo omwewo amalowa mu seva ali ku Blantyre kudzera pa Remote Desktop, choncho pa router yathu port 3389, khomo la Remote Desktop, ili chitsegulire usana ndi usiku.

Tsopano ma auditor anabwera, anaona, analemba mu lipoti lawo. Abwana anandiitana n'kunena kuti ndikonze mwezi uno usanathe, koma a ku accounts asadzakhale chabe ngakhale tsiku limodzi, chifukwa nyengo yogula soya yayandikira ndipo mlimi akabwera ndi matumba ake sadikira za kompyuta.

Zina zoti mudziwe. UPS, batire yogwirizira seva magetsi akazima, imagwira mphindi zinayi, ndinachita kuwerenga pa wotchi. Jenereta amaliza ndi alonda. Intaneti ndi ya bandulo. Backup ilipo, ndi disiki yakunja yolumikiza ku seva nthawi zonse, koma sindinayeseko kubweza kanthu kuchokera mmenemo.

Ndiye ndichite bwanji? Ndingoyatsa Windows Update Lachisanu madzulo n'kupemphera? Kapena ndimvere eni pulogalamu, poti seva yakhala zaka zonsezi osagwa? Khoswe wakhala pamkhate, ndikuopa kuti poponya mwala ndiswa mkhate.

Madala_a_Rack anayankha:

Mphwanga, mwachita bwino kufunsa musanadinde kanthu. Za update tikamba, koma kaye pitani ku router ija mukatseke 3389. Lero, musanamalize n'komwe kuwerenga izi. Sizifuna ndalama, sizifuna kuzimitsa seva. Mukatero tsegulani Event Viewer, mulowe mu Security, musefe nambala 4625. Nambala imeneyi imalembedwa nthawi iliyonse wina akayesa kulowa n'kukanidwa. Mudzatiuze muno zimene mupeze. Anthu ambiri amaganiza kuti mbava za pa intaneti zimayamba zasankha kampani yolemera. Ayi. Ndi mapulogalamu ongoyendayenda, kugogoda pa adiresi iliyonse padziko lapansi, ndipo sadziwa n'komwe kuti Kasungu ili kuti. Akapeza khomo amayamba kuyesa Administrator, admin, accounts, usiku wonse osatopa. A ku Blantyre aja akafuna kulowa alowere pa VPN, njira yotetezedwa yolowera pa netiweki uli kutali, apo ayi muziwatsegulira inuyo pa nthawi imene mwagwirizana, mukuona zimene akuchita.

Tsopano za November 2019. Deti limeneli landiopsa kuposa china chilichonse chimene mwalemba, chifukwa zibowo zikuluzikulu za domain controller zinatulukira pambuyo pake.

Chachikulu ndi Zerologon, nambala yake CVE-2020-1472. Microsoft anatulutsa chigamba chake, update yotseka chibowocho, pa 11 August 2020, ndipo mwezi wotsatira kampani ya ku Netherlands yotchedwa Secura inafotokoza poyera mmene chibowocho chimagwirira ntchito. Ndifotokoze mwachidule kuti mukathe kuwauza abwana anu. Kompyuta iliyonse ya mu domain ikafuna kulankhula ndi domain controller imayenera kutsimikiza kuti ndi iyodi, ndipo njira yake imatchedwa Netlogon. Pa masamu obisira uthengawo panali polakwika: nambala yoyambira, imene imayenera kumasintha nthawi zonse, anaisiya ili ziro. Zotsatira zake n'zakuti munthu akatumiza maziro okhaokha, pafupifupi kamodzi pa maulendo 256 seva imavomera kuti eya, ndinu amene. Ndipo sitopa n'kumutsekera, amayesa mmene akufunira. Maulendo 256 kwa kompyuta ndi masekondi owerengeka. Akalowa amafufuta pasiwedi ya domain controller yeniyeniyo n'kuisiya yopanda kanthu, basi domain yonse ili m'manja mwake. Safuna dzina la wantchito, safuna pasiwedi ya munthu. Chimene akufuna n'kukhala pa netiweki yanu basi. Ndiye taganizirani laputopu ya alangizi amene abwera kuchokera kumunda ndi kachilombo kamene anatola pa flash, kapena mlendo amene a pa reception anamupatsa pasiwedi ya wifi chifukwa anapempha mwaulemu. Pa mulingo wa kuopsa, chibowo chimenechi anachipatsa 10 pa 10.

Chaka chomwecho mu July kunali china cha mu DNS ya Windows (yosandutsa mayina a makompyuta kukhala maadiresi) chotchedwa SIGRed, nachonso 10 pa 10, chimene chinakhala chobisala zaka 17. Seva yanuyo, poti ndi domain controller yokhayo, mosakayika ndi DNS yanunso. Mu 2021 kunabwera PrintNightmare ya mu Print Spooler (yoyendetsa mapulinta), imene inkalola wantchito wamba wa mu domain kudzikweza n'kukhala mwini seva. Imeneyo Microsoft sanadikire tsiku lawo la pamwezi, anatulutsa chigamba pa 6 July, ndipo malangizo anali akuti pa domain controller Spooler izikhala yozima. Inu mapulinta atatu ali pomwepo.

Zoti seva yakhala zaka osagwa musazidalire. Seva yolowedwa sigwa. Wakuba wanzeru amafuna iziyenda bwinobwino mpaka tsiku limene iye wasankha. Kumbukirani WannaCry. Chigamba chinatuluka pa 14 March 2017, kachilomboko kanafalikira pa 12 May. Miyezi iwiri mankhwala alipo, koma zipatala za NHS ku England zinachita kubweza odwala. Ndikhulupirira nawonso anali ndi tapepala tawo ta selotepu.

Ndisaiwale disiki ya backup yolumikiza nthawi zonse ija. Ransomware, kachilombo kotseka mafayilo n'kufuna dipo, ikalowa imaitseka pamodzi ndi zonse. Gulani yachiwiri muzisinthanitsa, ina izigona mu sefa ya a cashier.

Mayi_Admin_Zomba anayankha:

A Madala anena zoona, koma ndiwaikire kumbuyo pang'ono eni pulogalamu aja. Njira yawo ndi yolakwika, koma mantha awo ali ndi pochokera. Zigamba zimaswa zinthu. Za pa 11 January 2022 zinachititsa ma domain controller ambiri, a 2012 R2 omwe, kumangozima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka, ndipo pa ma seva ena Hyper-V, yoyendetsa makompyuta ongoyerekeza m'kati mwa makina amodzi, inakana kudzuka. Zokonza zinatuluka patatha pafupifupi sabata. Za November chaka chomwecho zinasokoneza Kerberos, njira yotsimikizira olowa mu domain, anthu n'kumakanidwa kulowa ndi mapasiwedi awo olondola. Ndiye amene angakuuzeni kuti ingoyatsani Windows Update muzikagona, ameneyo sanagonepo mu server room.

Ine ndinagonamo. Zaka zingapo zapitazo, pa malo ena amene ndinkagwira, ndinayamba update Lachinayi madzulo sabata ya Pasaka, poganiza kuti ndili ndi masiku anayi opanda wondisokoneza. Seva ili pa 30 peresenti, ikulemba kuti musazimitse, magetsi thii. Ndinathamangira panja, ndinapeza alonda akulimbana ndi jenereta, koma thanki inali youma, dizilo anali atamuthira mu galimoto ya ku field m'mawa. UPS inalira, inalira, n'kukhala chete. Magetsi atabwera seva inkangozungulira pamodzimodzi osafika polowera. Ndinati palibe vuto, backup ilipo. Kutsegula disiki, fayilo yomaliza ya miyezi isanu yapitayo. Disiki inadzaza kalekale ndipo panalibe amene ankayang'ana. Pasaka ameneyo anzanga akuimba aleluya ine ndinali pansi pa rack ndi mabisiketi ndi Sobo. Inadzuka Lolemba m'bandakucha nditachotsa ndi DISM update imene inatsakamira pakati. Sindinganamizire chigamba. Sindinayang'ane thanki, sindinayese backup, basi.

Ndiye achimwene, ndikanakhala inu ndikanachita motere. Seva yeniyeniyo osaikhudza sabata ino. Tengani backup yathunthu ndi Windows Server Backup, ija ya bare metal, pa disiki yatsopano. Pezani kompyuta yamphamvuko mu ofesimo, yatsani Hyper-V, mubwezeretse backup ija mmenemo kuti mukhale ndi seva yoyeserera. Chonde chonde, isakhudze netiweki ya ofesi. Ma domain controller awiri a dzina limodzi pa waya umodzi, mudzalira. Ikadzuka, mwadziwa kuti backup yanu ndi yamoyo, komanso mwapeza seva yoti muiphe mmene mukufunira popanda wokufunsani.

Zigamba muziika pa yoyesererayo. Chosangalatsa n'chakuti simufunika kuika za mwezi uliwonse chimodzichimodzi. Monthly rollup ya 2012 R2 imasenza za miyezi ya m'mbuyo, ndiye mufuna servicing stack update yatsopano kaye, ija yokonza mbali ya Windows imene imaika zigamba, kenako rollup ya October 2023. Musazondotse, rollup imavuta ngati servicing stack ili yakale. Zonsezi zili pa Microsoft Update Catalog, mukhoza kukakopera komwe kuli intaneti yabwino n'kubwera nazo pa flash, bandulo ya ofesi osaitha. Za .NET ndi za SQL Server zimayenda padera, musaganize kuti rollup yakonza zonse.

Mukamaliza musayese nokha. Inu mudzangoona kuti pulogalamu yatseguka n'kuti zatheka. Itanani a accountant akhale pampando, alembe lisiti, achotse ngongole ya mlimi mmodzi, atulutse lipoti la kumapeto kwa mwezi. Iwo ndi amene amadziwa ngodya zimene zimavuta.

Pali ziwiri zimene ndikuganiza kuti zikulumani. Kuyambira August 2021 wantchito wamba sangaikenso driver wa pulinta kuchokera pa seva popanda admin, ndiye konzekerani kuyenda desiki ndi desiki. China ndi DCOM. Microsoft anakhwimitsa malamulo ake pang'onopang'ono, ndipo kuyambira pa 14 March 2023 palibenso pozimitsira. Mapulogalamu ena akale amene amalankhula ndi seva kudzera njira imeneyo amasiya kugwira, makamaka ngati makompyuta a antchito nawonso atsalira pa ma update. Ndiye onaninso makompyuta 19 aja.

A ku Blantyre afunseni funso limodzi lokha, mwaulemu: ndi update iti, nambala yake ya KB, imene inaswa pulogalamu yanu? Akatchula, tili ndi poyambira. Akapanda kutchula ndiye kuti akungoopa mdima.

Penguin_wa_ku_Ndirande anayankha:

Mavuto onsewa n'chifukwa chotulutsa ndalama kukagula zibowo. Ikani Ubuntu, Linux yaulere ija, aise, mupume.

Madala_a_Rack anayankha:

A Penguin, tinakuyembekezani, mwachedwa lero. Pulogalamu ya ngongole za alimi ija muilemba ndinu usiku uno? Ndipo kwanuko zibowo ziliko. Cha mu pulogalamu ya Linux yotchedwa polkit chimene chinaululidwa mu January 2022 chinakhala zaka zoposa 12 chikudikira kupereka root, mphamvu zonse, kwa aliyense wokhala ndi akaunti pa makinawo. Seva ya Ubuntu yosiyidwa chiyambire 2019 ndingaiope chimodzimodzi.

Kamnyamata_ka_IT anayankha:

Ndabweranso, patha masiku 9. Zikomo nonse, ngakhale a Penguin.

3389 ndinatseka usiku womwewo. A Madala, za 4625 zija. Nditasefa, kompyuta inaima kaye ngati yafa, kenako mizere zikwizikwi, kangapo pa mphindi iliyonse, moti log inkadzaza n'kumafufuta zakale pasanathe masiku awiri. Mayina ake ena a Chingerezi, ena sindikudziwa kuti ndi chilankhulo chanji. Limodzi linali scanner, ndipo akaunti ya dzina limenelo tili nayodi. Pasiwedi yake m'kope lofiira ndi dzina la bungwe, kumapeto 123. Ndinaisintha manja akunjenjemera. Nditatseka khomo mizere ija inangoti zii.

M'mawa mwake a ku Blantyre anaimba mokalipa kuti sakutha kulowa. Ndinawafunsa funso la amayi lija la nambala ya KB. Anati andiimbiranso. Mpaka pano.

Mayi, backup yakale ija munali mafayilo a Word ndi Excel okhaokha. Script inkakopera ma folder, koma mafayilo a database inkawadumpha chifukwa amakhala otsegula nthawi zonse. Ndiye kuti zaka zonsezi ngongole za alimi athu zinali pamalo amodzi okha padziko lapansi, m'chipinda cha feteleza. Ndinakhala pansi kaye. Panopa ndili ndi backup yathunthu, ndipo ya database ndikutenga padera kuchokera mu SQL momwemo.

Seva yoyeserera inandivuta masiku awiri koma inadzuka. Servicing stack, rollup, kuzima n'kuyaka kawiri, zonse ola limodzi ndi theka. A accountant anabwera Loweruka, ndinawagulira Fanta ndi mandasi. Lisiti inalembeka, ngongole inachotseka, lipoti linatuluka ndi manambala omwewo a pa seva yeniyeni. Chinakana ndi chimodzi, kapulogalamu kotumiza ma SMS kwa alimi. Ndinatuluka thukuta theka la ola, mpaka a accountant anandifunsa kuti kodi si inu munati makina amenewa alibe intaneti? Ndinangowawonjezera mandasi.

Nditawerenga za WannaCry ndinazimitsanso SMB1, njira yakale yogawanirana mafayilo imene kachilomboko kanadzera, pa seva yeniyeni, mwa nzeru zanga ndekha, ndipo photocopier inasiya kutumiza ma scan mu folder. A secretary sanandilankhule tsiku lonse. Ndaikonza kuti izitumiza pa imelo.

Loweruka likubwerali ndi tsiku la seva yeniyeni. Koma chikundisautsa ndi ichi. Pa Catalog ndikuona zigamba za 2012 R2 za pambuyo pa October 2023. Ndinakopera chimodzi, pa seva yoyeserera chinalowa mpaka kumapeto, koma poyakanso inalemba kuti zakanika n'kuchichotsa yokha. Ndalakwitsa pati?

Madala_a_Rack anayankha:

Za chigamba chokana akuyankhani odziwa malayisensi. Ine ya scanner ija sinandigonetse. Mwaona oyesa n'kulephera, tsopano funani oyesa n'kulowa. Sefani 4624, muyang'ane za logon type 10, zimenezo ndi za Remote Desktop, muone ngati pali adiresi yachilendo kapena nthawi yachilendo. Poti log yanu inkadzifufuta, mwina simupeza kanthu, ndipo kusapeza kanthu pamenepa sikutanthauza kuti kunalibe. Ndiye tsegulani gulu la Domain Admins ndi la Administrators muwerenge mayina limodzilimodzi. Limene simukulidziwa lizimitseni, mudikire muone amene adandaule. Onaninso Task Scheduler ndi ma service ngati muli za mayina osamveka. Akaunti ya amene anapita ku Joni uja ndikubetcha kuti ikadali yamoyo. Mukamaliza zigamba musinthe mapasiwedi onse a m'kope lofiira, komanso ya krbtgt (akaunti imene domain imasainira ziphaso zolowera) kawiri, motalikitsa, lero kamodzi mawa kachiwiri. Chigamba chimatseka bowo, koma ngati wina analowa kale sichimutulutsa.

Mlamu_wa_ku_Joni anayankha:

Musadandaule, si ine ndinakusiyirani kope lofiira.

Simunalakwitse achimwene, mwangofika pa mpanda. Microsoft anasiya kusamalira 2012 ndi 2012 R2 pa 10 October 2023. Zimene mukuona za pambuyo pake ndi za ESU, zigamba zowonjezera zolipira, ndipo seva ikakhala ilibe chiphaso chake zimachita zomwe mwaonazo. ESU yomweyo ndi ya zaka zitatu basi, mapeto ake ndi 13 October 2026. Mtengo amawerengera ma core a processor, ndipo wolowa mochedwa amalipiranso nthawi imene anadumpha. Ndi mmene forex ikuvutira kumudziko, ine ndalama imeneyo ndikanaiika pa layisensi yatsopano.

Ndiye Loweruka pitirizani, mutseke Zerologon ndi anzake, koma dziwani kuti zibowo zonse zotulukira pambuyo pa October 2023 zikhalabe pamtunda. Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, limene amalitcha Patch Tuesday, cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo nthawi ya kumudzi, Microsoft amatulutsa zigamba. Mbava nazo zimakopera zigamba zomwezo n'kuzifufuza kuti zione pamene panali bowo, kenako n'kuyamba kusaka amene sanasoke. Yanuyo izingoonerera anzake akusokedwa.

Posankha yatsopano, Windows Server 2016 musaiganizire ngakhale wina akugulitseni motchipa, ikutha pa 12 January 2027. Ya 2019 ifika pa 9 January 2029, ya 2022 pa 14 October 2031. Ine ndingatenge 2022. Ya 2025 iliko, koma kuti ikhale domain controller imafuna domain ikhale kale pa mulingo wa 2016, ndiye kuchokera pamene mulipo ndi ulendo wa mabasi awiri. Komanso anthu amene akuopa rollup sindikhulupirira kuti pulogalamu yawo anaiyesapo pa 2025.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti layisensi ya Standard, mukalipira ma core onse a makinawo, imakulolani kuyendetsa ma seva awiri pa Hyper-V m'makina amodzi. Ndiye domain controller ikhale payokha, pulogalamu ya ndalama, mafayilo ndi mapulinta zipite pa inayo. Khoswe wanu uja watsika pamkhate. Mukafuna kusoka domain controller simudzapemphanso chilolezo ku Blantyre. Pa bajeti musaiwale ma CAL, malayisensi a anthu kapena makompyuta olumikiza ku seva, a 2012 sagwira pa 2022. Ndipo musanalowetse domain controller yatsopano lembani dfsrmig /getglobalstate muone ngati SYSVOL, folder imene ma domain controller amagawana, ili pa njira yatsopano ya DFSR. Ngati domain yanuyo inayambira pa 2003 n'kumangokwezedwa, mwina ikadali pa njira yakale ya FRS, ndipo 2019 kapena 2022 ikana kulowa mpaka musamutse.

Padzabwera munthu wokuuzani kuti ali ndi ISO yake ya Windows ndi ka activator koiyendetsera popanda layisensi, mtengo wa chakudya chamasana. Simudziwa kuti amene anakonza ka activator kameneko anaikamonso chiyani, ndipo mukukapatsa mphamvu zonse pa makina osunga ngongole za anthu.

Mayi_Admin_Zomba anayankha:

Alamu amaliza za malayisensi. Ine ndiwonjezere za pepala. Lembani memo ya tsamba limodzi kwa abwana: seva inasiya kusamalidwa pa deti lakuti, ndachita zakuti, zatsala zakuti, ndalama yake ndi yakuti. Asaine kuti alandira, ina musunge kunyumba. Tsamba la ma auditor lija mulimatire kumbuyo kwake, chifukwa board imamva ma auditor kuposa kamnyamata ka IT, pepani kunena. A ku Blantyre nawonso muwalembere imelo, osati foni, muwafunse kuti pulogalamu yawo imayenda pa Windows Server iti ndi SQL Server iti, ayankhe polemba.

Za Loweruka. Yambani m'mawa, osati madzulo ngati ine. Lachisanu usiku tengani backup yatsopano, disiki muizule muiike patali. Pasiwedi ya DSRM muli nayo? Zikavuta ndi imene ingakulowetseni mu domain controller. Jenereta ilire musanayambe, seva iyendere jenereta kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, musadikire kuti magetsi apite kaye. Thanki muyang'anemo ndi maso anu, osati kufunsa alonda.

Kamnyamata_ka_IT anayankha:

A Madala mwapambana beti. Akaunti ya mnzanga wa ku Joni inali mu Domain Admins, ndi ina yotchedwa test2 imene aliyense akukana kuti sakuidziwa. Ndazimitsa zonse ziwiri, palibe wadandaula. Ya DSRM m'kope lofiira munalibe, ndaika yatsopano ndi ntdsutil.

Dizilo ndapempha malita 20. A ku stores akuti fomu isainidwe ndi abwana, ndipo abwana ali ku Lilongwe mpaka Lachinayi. Ndikapanda kulemba muno Lolemba, wina adzandibweretsere mabisiketi ku chipinda cha feteleza.